Kuphunzitsa dokotala kuchiza matenda okhumudwa ndi makina a maginito

M'zipatala zambiri za ku America, Canada ndi Britain zimene zili ndi makina a TMS, amene amachiza matenda okhumudwa podzutsa ubongo ndi mphamvu ya maginito, dokotala wa matenda a maganizo amaonekera tsiku loyamba. Amayeza mutu wa wodwala, amasankha mphamvu yoyenera, amasayina, kenako masabata asanu ndi limodzi otsatira ntchito imakhala m'manja mwa namwino kapena katswiri woyendetsa makinawo. Dongosololi palokha lilibe vuto. Vuto limabwera dokotala wophunzira akamaliza zaka zake zonse atangoonerera pakhomo, n'kupita kukayang'anira ntchito imene manja ake sanaigwirepo. Munthu wotere sangadziwe kuti koyilo, chipangizo cha waya wokulungidwa chimene chimaikidwa pamutu pa wodwala, yapendekeka, ndipo namwino akamufunsa chifukwa chimene diso la wodwala likuphethira mosalekeza, yankho amakalifuna m'buku. Malangizo awa ndi a inu amene mwapatsidwa udindo womuphunzitsa.

Za chiyambi cha makinawa musatayepo nthawi yambiri, ola limodzi likwana. Wophunzira adziwe kuti Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield, ku Britain, ndi amene anaonetsa mu 1985 kuti magetsi akadutsa mwadzidzidzi mu koyilo ya waya yoikidwa pamutu, amapanga mphamvu ya maginito imene imalowa m'chigaza popanda kung'amba khungu, n'kudzutsa timitsempha ta ubongo pafupifupi masentimita 2 kapena 3 mkati. Mphamvuyo imayandikira ya makina ojambulira a MRI, koma imabwera ndi kutha m'kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso. Mu 1995 dokotala wa ku America, Mark George, anayamba kuyesa njirayi pa anthu okhumudwa, mu 2008 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linaloleza makina a NeuroStar, ndipo bungwe la NICE, lopereka malangizo a zachipatala ku Britain, linavomereza chithandizochi mu 2015. Zokwanira n'zomwezo. Zotsala aziphunzira ali chilili pafupi ndi mpando wa wodwala.

Yambani ndi kusankha wodwala

Sabata yoyamba wophunzira akhale nanu m'chipinda choonera odwala amene atumizidwa. Funso lake loyamba likhale lakuti: kodi munthu uyu wamwadi mankhwala n'kukanika? Ambiri amene amalembedwa kuti mankhwala awakana amapezeka kuti anamwa masabata awiri n'kusiya, kapena ankamwa mlingo wochepa. TMS inalolezedwera munthu amene wayesa mankhwala a matenda okhumudwa pa mlingo wokwanira, kwa nthawi yokwanira, osapeza bwino, kapena amene thupi lake silikugwirizana nawo. Wophunzira azilemba dzina la mankhwala aliwonse, mlingo wake, ndi masabata amene anamwedwa. Kungolemba kuti "wayesa mankhwala ambiri" musakulandire.

Aphunzirenso kukana. Wodwala amene wasiya kudya ndi kumwa, amene wangouma osalankhula, amene akumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zimene kulibe, kapena amene akufuna kudzipha lero lino, sangadikire masabata anayi kuti ayambe kusintha. Ameneyo ndi wa ECT, chithandizo cha magetsi chimene chimaperekedwa munthu atagonekedwa. Ophunzira ambiri amathamangira ku TMS poti ndi yofatsa, munthu sagonekedwa, saiwala zinthu, ndipo akatha amadziyendetsera galimoto kupita kwawo. Kufatsako kusawachititse kumana wodwala chithandizo champhamvu pamene akuchifunikira. Azifufuzanso mwakhama ngati munthuyo sanakhalepo ndi nyengo zosangalala mopyola muyeso, kusagona koma osatopa, kumwaza ndalama, chifukwa amene ali ndi matenda a bipolar angathe kutembenukira mbali imeneyo.

Kenako pamabwera mafunso a chitetezo. Chipatala chilichonse chili ndi fomu yake, koma wophunzira adziwe chifukwa cha funso lililonse m'malo mongochonga. Chitsulo chilichonse chimene chili m'mutu kapena pafupi ndi pamene padzakhale koyilo chingathe kutentha, kusuntha kapena kuwonongeka: kachipangizo kothandiza kumva koikidwa mkati mwa khutu, kopanira mtsempha wa magazi mu ubongo, mawaya odzutsira ubongo, chidutswa cha chipolopolo, ngakhale kachitsulo kamene kanalowa m'diso kwa munthu wowotcherera. Opanga makina ambiri amaika malire a masentimita 30 kuchokera pa koyilo. Zomatira mano sizivuta. Makina othandiza mtima kugunda amafuna kukambirana ndi dokotala wa mtima kaye.

Mbali ina ya mafunsowa ndi ya chilichonse chimene chingachititse munthu kugwa ngati wakhunyu: matenda a khunyu enieniwo, kuvulala kwambiri m'mutu, sitiroko, chotupa mu ubongo, kusagona, kumwa mowa kwambiri kapena kuusiya mwadzidzidzi, ndi mankhwala monga bupropion, clozapine, amitriptyline ndi tramadol. Za tramadol wophunzira azifunsa potchula dzina, chifukwa wodwala amene amamwa mapilitsi a msana sawawerengera pa mankhwala ake a maganizo.

Wophunzira akhale pampando

Asanaike koyilo pamutu pa wodwala, ailawe pamutu pake. Ayankhe mafunso a chitetezo omwe aja, avale zotsekera m'makutu, kenako mumupatse kugunda kumodzikumodzi. Akaona chala chake chikudumpha chokha asanachitume, komanso akamva mmene khungu la pachipumi limakokekera, adzaleka kuuza odwala kuti "sizipweteka n'komwe". Zimapweteka pang'ono, makamaka masiku oyamba, ndipo amene analawapo amafotokoza moona.

Koma musakakamize. Wophunzira angakhale akumwa mankhwala amene safuna kuti akulu ake adziwe, kapena ali ndi pakati pamene sanauze munthu. Nenani poyera musanayambe kuti aliyense angathe kukana osapereka chifukwa, ndipo fomu yake iwerengedwe ndi munthu amene sadzalemba lipoti la maphunziro ake.

Kupeza mlingo wa munthu aliyense

Apa ndi pamene muyenera kukhalitsa. Mphamvu imene wodwala adzalandire masiku onse imawerengedwa kuchokera pa nambala imodzi, imene m'chipatala amaitcha motor threshold: mphamvu yochepetsetsa imene imagwedeza chala. Ikalakwika, zonse zotsatira zalakwika.

Wodwala akhale motakasuka, dzanja lamanja ali atalitsamiritsa pa pilo, chikhatho chikuyang'ana kumwamba. Avale kapu yansalu yothina, ndipo wophunzira alembe pa kapupo mtunda wochokera pamwamba pa mphuno kufika m'mphepete mwake, kuti mawa ikavalidwe chimodzimodzi. Ndi tepi yoyezera, apeze pakati pa mutu: theka la mtunda wochokera pamwamba pa mphuno kufika pa kafupa kotumphuka ka kunkhongo, ndi theka la mtunda wochokera khutu lina kufika linzake. Kuchokera pamenepo atsike pafupifupi masentimita 5 kumanzere. Koyilo igone bwinobwino pakhungu, chogwirira chake chikuloza kumbuyo ndi kumbali pa madigiri 45.

Ayambe ndi mphamvu yochepa, n'kumakweza pang'onopang'ono, akusiya masekondi osachepera 5 pakati pa kugunda kulikonse. Chala chikayamba kugwedezeka, asunthe koyilo theka la sentimita kutsogolo, kumbuyo, kumwamba, kumunsi, kufuna malo amene chala chachikulu chikudumpha kwambiri. Akapeza, ajambule m'mphepete mwa koyilo pa kapu, kenako ayambe kutsitsa mphamvu mpaka afike pamene chala chikugwedezeka kasanu pa maulendo 10. Zipatala zimene zili ndi makina a EMG, oyeza timagetsi ta m'minofu, zimawerenga kugwedezeka kwa ma microvolt 50 m'malo modalira maso, ndipo nambala yopezeka ndi maso kawirikawiri imakhala yokwererapo. Wophunzira adziwe njira imene chipatala chake chimagwiritsa ntchito, asazisakanize.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ophunzira sadekha. Amangoona chala chagwedezeka koyamba n'kunena kuti apeza. Ngati malowo si enieni, chala chimafuna mphamvu yochuluka kuti chigwedezeke, nambala imakwera, ndipo wodwala adzalandira mphamvu yopitirira muyeso wake masiku 30. Chimodzimodzi koyilo ikapendekeka mbali imodzi. Dzanja la wodwala likakhala lokungika chifukwa cha mantha, zimachitika zosiyana: chala chimadumpha msanga, nambala imatsika, ndipo chithandizo chimakhala chofooka. Njira yabwino yophunzitsira zimenezi ndi kuchita dala. Wophunzira akapeza nambala yake pa mnzake, muuzeni apendeketse koyilo pang'ono aone chala chikuleka, kenako mnzakeyo afumbate pang'ono aone mmene zikusinthira.

Pali nkhani ya tsitsi imene maphunziro ambiri amangoidutsa, chonsecho kwa odwala akuda ndi yaikulu. Mphamvu ya maginito imachepa msanga koyilo ikatalikira khungu, mwakuti milimita imodzi yokha imasintha nambala ija ndi pafupifupi 3 pa 100. Tsitsi loluka, mesh, wigi kapena madiredi zimakweza koyilo mamilimita angapo, ndipo makulidwe ake pamwamba pa mutu, pamene mwayezera, angasiyane ndi a kutsogolo, pamene mudzachizire. Wophunzira aphunzire kukamba zimenezi mwaulemu tsiku loyamba lomwe, asanamuuze mayi wa eni kuti amasule zimene walipira ndalama dzulo. Angathe kunena kuti, "Mayi, makinawa amafuna kukhudza khungu penipeni. Tigwirizane kalukidwe kamene mungakhale nako masabata onsewa osasintha." Mayiyo akabwera sabata yachitatu atameta kapena atalukitsa kwina, nambala yakale yatha ntchito, ayezedwenso. Mapini achitsulo a m'tsitsi, ndolo ndi magalasi zichotsedwe tsiku lililonse.

Kupeza malo ochizira

Malo amene timafuna ali kutsogolo kwa ubongo, mbali ya kumanzere, ndipo sapereka chizindikiro chooneka ngati chala chija. Njira yakale inali kungoyeza masentimita 5 kutsogolo kuchokera pamalo a chala. Mitu ya anthu si yofanana, ndipo zinadziwika kuti mwa anthu ambiri, makamaka a mitu ikuluikulu, masentimita 5 amaperewera, koyilo imatsalira kumbuyo. N'chifukwa chake zipatala zina zimayeza 5.5 kapena 6.

Njira imene ndingaphunzitse poyamba ndi ya Beam F3, imene inafalitsidwa mu 2009. Imafuna tepi ndi miyezo itatu: kuchokera khutu kufika khutu kudutsa pamwamba pa mutu, kuchokera pamwamba pa mphuno kufika kunkhongo, ndi kuzungulira mutu wonse. Manambalawo amalowetsedwa mu kapulogalamu kamene kamabweza miyezo iwiri, wina woyenda m'mbali mwa mutu kuchokera pakati pa chipumi, wina wotsika kuchokera pakati pa mutu. Pokumana ndiye pamalopo. Uzani ophunzira awiri ayeze mutu umodzi, aliyense pa kapu yake, kenako muyerekeze madontho awo. Akasiyana ndi sentimita yathunthu, abwerezenso. Kulakwa kwambiri kumachokera pa kafupa ka kunkhongo kaja, kamene mwa anthu ena sikamveka msanga.

Zipatala zazikulu zili ndi makina olondolera koyilo potengera chithunzi cha MRI cha wodwalayo. Wophunzira awaone, koma asayambire pamenepo. Ambiri adzakagwira ntchito kumene kulibe zimenezi, ndipo amene waphunzira ndi tepi amatha kuzindikira kompyuta ikasochera.

Manambala a chithandizo

Musamupatse pepala loti aloweze. Mupatseni cholembera awerengere yekha. Dongosolo limene FDA inaloleza mu 2008 ndi ili: kugunda 10 pa sekondi, kwa masekondi 4, kupuma masekondi 26, maulendo 75, pa mphamvu ya 120 pa 100 ya nambala ija ya motor threshold. Apeze yekha kuti kugunda konse ndi 3,000 ndipo nthawi ndi mphindi 37 ndi theka. Pambuyo pake kupumako kunaloledwa kufupikitsidwa mpaka masekondi 11, zimene zimatsitsa nthawi kufika pafupifupi mphindi 19. Mufunseni chifukwa chimene kupumako kulipo. Akayankha kuti n'kuti wodwala apumule ululu, wanena theka: kupuma kumateteza kuti mphamvu isaunjikane mu ubongo mpaka munthu kugwa, komanso kumapatsa koyilo mpata wozizira.

Dongosolo lachiwiri ndi la theta burst. Kafukufuku wa THREE-D wa ku Canada, wotsogoleredwa ndi Daniel Blumberger ndi kufalitsidwa mu 2018, anayerekeza njirayi ndi yakale ija pa anthu oposa 400 ndipo anapeza kuti siichepera mphamvu, ngakhale imatenga mphindi zitatu zokha ndi masekondi ochepa. Kugunda kumabwera kutatukutatu mothamanga kwambiri, magulu asanu pa sekondi, masekondi 2 kugunda, 8 kupuma, mpaka kukwana 600. Odwala ena amaimva kuwawa kuposa inzake, koma pa tsiku makina amodzi amathandiza anthu ambiri. Palinso kugunda kamodzi pa sekondi mbali ya kumanja, kumene madokotala amakonda kwa munthu amene sakupirira ululu kapena amene chiopsezo chake chogwa n'chokwererapo.

Wophunzira adzafunsa ndithu za njira ya ku yunivesite ya Stanford ku America, ya Nolan Williams, imene FDA inaloleza mu 2022: maulendo 10 pa tsiku kwa masiku asanu, kugunda 1,800 ulendo uliwonse. Awerenge, mukambirane, koma asaigwire asanakhazikike pa zoyambazi.

Tsiku loyamba ndi wodwala weniweni

Inu muime pambali, iye alankhule. Afotokoze kuti padzamveka phokoso lalikulu, choncho zotsekera m'makutu n'zosakambirana, kwa wodwala ndi kwa aliyense amene ali m'chipindamo. Afotokoze kuti pamutu padzamveka ngati gogomole akugogoda mtengo, kuti chikope, tsaya kapena mano zingathe kunjenjemera, kuti mutu ungawawe madzulo ake ndipo paracetamol amathandiza, komanso kuti ululuwo umachepa sabata yoyamba ikamatha. Za kugwa ngati wakhunyu anene mosabisa: zimachitika kwa anthu osakwana mmodzi pa 1,000 aliwonse olandira chithandizochi.

Za zotsatira asalonjeze mopitirira. M'kafukufuku wa Mark George wa 2010, woyerekeza makina enieni ndi onamizira, anthu 14 pa 100 anachiriratu pa enieni ndi 5 pa 100 pa onamizira. M'kafukufuku wa Linda Carpenter wa 2012, wotsatira odwala m'zipatala za tsiku ndi tsiku kumene ankapitiriza mankhwala awo, 58 pa 100 anapeza bwino kwambiri ndipo 37 pa 100 anachira. Wophunzira adziwe manambala onse awiri, osati okoma okhawo, ndipo athe kufotokoza chifukwa chimene amasiyanirana.

Palibe chokakamiza kufika pa 120 pa 100 paja tsiku loyamba. Angayambe pa mphamvu yotsikirapo n'kumakweza m'masiku ochepa. Ululu ukanyanya, kutembenuza koyilo pang'ono kapena kuisuntha mamilimita ochepa kumathandiza, koma kusintha kulikonse kulembedwe. Ndipo maso ake akhale pa dzanja la wodwala: zala zikayamba kugwedezeka pamene mukuchiza kutsogolo, ndiye kuti koyilo yatsetserekera kumbuyo kapena mphamvu ikufalikira kumene siyenera. Aimitse, ayezenso.

Kuyeserera za mwadzidzidzi

Popeza kugwa sikuchitika kawirikawiri, wophunzira angamalize maphunziro asanakuonepo, ndiye muyenera kuchita sewero. Mmodzi akhale pampando ayambe kuphupha osachenjeza. Wophunzira aimitse makina, achotse koyilo, agoneke mpando, atembenuzire wodwala cham'mbali, ayang'ane wotchi, aitane thandizo. M'kamwa musalowe supuni, chala kapena nsalu. Kawirikawiri zimaleka zokha m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Zikapitirira mphindi zisanu, pafunika mankhwala oletsa ndi gulu la zangozi. Adziwe kumene kuli mankhwalawo ndi amene amasunga kiyi. Bwerezani seweroli pamodzi ndi anamwino, chifukwa tsiku lenilenilo adzakhalepo ndi iwowo.

Chimene adzakumane nacho kwambiri ndi kukomoka wamba kwa munthu wamantha kapena amene sanadye. Ameneyo amayamba watuluka thukuta, kumva chizungulire ndi mseru, ndipo akagonekedwa amatsitsimuka msanga, nzeru zili bwinobwino. Wogwa ngati wakhunyu amadzuka wosokonezeka kwa kanthawi, mwina atadziluma lilime cham'mbali. Wokomoka nayenso amatha kugwedezeka pang'ono, ndipo kumulemba molakwa kuti wagwa ngati wakhunyu kungamutsekere chithandizo ndi chilolezo choyendetsa galimoto.

Masabata asanu ndi limodzi

Mpatseni odwala ake ochepa awatsate kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza: masiku asanu pa sabata, maulendo 30, kenako enanso 6 ochepetsa pang'onopang'ono m'masabata atatu. Sabata imodzi yathunthu agwire yekha ntchito ya tsiku ndi tsiku, namwino wa makinawo akumuyang'anira ndi kumudzudzula. Madokotala ena zimenezi zimawawawa, koma namwino amene waika koyilo maulendo mazanamazana amadziwa za kagonekedwe kake kuposa pulofesa.

Tsiku lililonse asanayatse makina afunse zinthu zitatu: mwagona bwanji, mwamwa mowa, pali mankhwala atsopano kapena amene mwasiya? Yankho likasintha kwambiri, nambala ija iyezedwenso kapena tsikulo lidumphidwe. Sabata iliyonse wodwala ayankhe mafunso a PHQ-9, oyezera kukula kwa matenda okhumudwa, ndipo funso lachisanu ndi chinayi, la maganizo odzipha, liwerengedwe wodwalayo asanatuluke pakhomo. Mafunsowa alipo m'Chichewa ndipo anayesedwa m'zipatala za ku Malawi, choncho wodwala wolankhula chinenero chathu asavutike ndi Chingelezi. Manambala akatsika ndi theka timati chithandizo chagwira, akafika pansi pa 5 timati wachira. Ambiri amayamba kusintha sabata yachitatu kapena yachinayi, ndipo nthawi zambiri a kunyumba ndi amene amaona poyamba. Wophunzira asagwe mphwayi pa sabata yachiwiri, ndipo akonzekere kulimbikitsa wodwala amene watopa ndi kukwera basi tsiku ndi tsiku osaona phindu. Akonzenso za pambuyo pake, chifukwa matendawa amabwerera: mankhwala apitirire, uphungu upitirire, ndipo wodwala adziwe kuti ambiri amene anapeza bwino ulendo woyamba amapezanso bwino akabwereza.

Pomulola kugwira yekha, musawerenge masiku amene wakhala m'chipindacho. Komiti ya bungwe la International Federation of Clinical Neurophysiology inatulutsa mu 2021 malangizo a maphunzirowa, ndipo imafuna kuti munthu aphunzire m'kalasi, aonerere, agwire akuyang'aniridwa, kenako ayesedwe. Poyesa, mupatseni mitu yosiyanasiyana: wadazi, wa tsitsi loluka, wamantha amene dzanja lake silimasuka, ndi wokalamba amene ubongo wake watalikira chigaza. Iye apeze nambala yake, inu mupeze yanu osaona yake, muyerekeze. Mupatseninso makalata atatu otumizira odwala, limodzi likhale la munthu wosayenera TMS, muone ngati alikana ndi kunena kumene munthuyo ayenera kupita.